Fayilo ya Outlook ya abwana yafika 47 GB ndipo yakana kutseguka, thandizeni

Nangozo_Limbe
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto, ndipo ndinene poyamba kuti ine si wa IT. Ndimagwira ku akaunti pa kampani ina yaing'ono yoombola katundu kuno ku Limbe, koma poti ndine wamng'ono pa onse muofesi, chilichonse chokhala ndi chingwe chikavuta amaitana ine.

Abwana amagwiritsa ntchito Outlook 2016 pa laputopu yawo. Kuyambira sabata yatha imakana kulandira maimelo, imangolemba nambala yoti 0x8004060C, iwo n'kumangodina OK. Dzulo masana magetsi anazima Outlook ili yotsegula, ndipo batire la laputopuyo linafa kalekale, moti inathima nthawi yomweyo. Lero Outlook ikuti fayilo ili ndi zolakwika, ndigwiritse ntchito Inbox Repair Tool. Ndayang'ana mu Documents, mu foda ya Outlook Files, muli fayilo imodzi ya .pst ya 47.6 GB. Mmenemo muli maimelo kuyambira 2013, ma invoisi, makalata a makasitomala, zonse. Ndayesa kuikopera pa fulashi yatsopano ya 64 GB, ikuti fayilo ndi yaikulu kwambiri, chonsecho fulashiyo mulibe kanthu. Abwana akungozungulira kumbuyo kwanga kuno. Ndiyambire pati?

Phwetekere
47 GB ya maimelo okha? Abwana anuwo amatumizirana mafilimu?

KalikokhaIT
Achemwali, choyamba musadine Repair paliponse. Tsekani Outlook ndipo musaitsegulenso mpaka fayiloyo mutaikopera kwina. Zokonza zonse zibwere pambuyo pa zimenezo.

Za fulashi musadandaule, si yowonongeka. Yabwera ndi kasungidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka bwanji. Dinani kumanja pa fulashiyo, sankhani Format, muike exFAT kapena NTFS. Koma ine ndikanakonda mupeze hard drive yakunja, chifukwa mufunika malo a makope awiri: lina loti musalikhudze n'komwe, lina logwirirapo ntchito.

Funso limodzi lofunika: akaunti ya abwanayo ndi POP kapena IMAP?

Nangozo_Limbe
Sindikudziwa kusiyana kwake, koma ndikukumbuka kuti pa Account Settings pankalembedwa POP/SMTP.

KalikokhaIT
Ndiye tiyende mosamala kwambiri. IMAP imasiya maimelo pa seva, koma POP imawakoka kuchoka pa seva n'kuwasunga pa kompyuta, ndipo Outlook ukaisiya mmene imabwerera, imafufuta za pa seva pakadutsa masiku 14. Kutanthauza kuti fayilo imene muli nayoyo mwina ndi yokhayo padziko lonse imene muli makalata a 2013 mpaka mwezi watha. Ikanakhala ya Exchange, seva ya maimelo ya Microsoft, bwenzi tikuseka, chifukwa kumeneko fayilo ya pa kompyuta imakhala .ost, chithunzi chabe cha zimene zili pa seva.

Mlenje_wa_Jozi
Mukuchulutsa gaga m'diwa abale. 0x8004060C ija ikutanthauza kuti fayilo yadzaza, koma malire ake a 50 GB ndi nambala chabe imene Microsoft anaika, ndipo imasinthika. Tsegulani regedit, chida chosinthira registry, kumene Windows imasunga makonzedwe ake, pitani ku HKEY_CURRENT_USER, Software, Microsoft, Office, 16.0, Outlook, PST. Pangani ma DWORD awiri, MaxLargeFileSize ndi WarnLargeFileSize, muike manambala a ma MB, mwachitsanzo 102400 ndi 97280. Basi, fayilo yapeza malo mpaka 100 GB. Kuno ku Johannesburg ndachitira makasitomala angapo, palibe anabweranso kudzalira.

KalikokhaIT
Achimwene a ku Joni, mwawerenga bwino funso? Fayiloyo yawonongeka chifukwa magetsi anazima ili mkati molemba. Kukulitsa malire sikukonza zimenezo. Ndiponso mukumuuza munthu wa akaunti kuti alowe mu registry ya laputopu ya abwana ake, abwanawo ataima kumbuyo?

Mlenje_wa_Jozi
Sindinati asakonze. Ndikuti akakonza adzapeza fayilo yodzaza yomweyo, yokana kulandira kalata. Adzapumira kuti?

Gogo_wa_Ubuntu
Nonse muli ndi mfundo, koma ndiloleni nkhalamba ndikumbutse kumene zachokera, chifukwa nkhani imeneyi ndinayamba kuiona ena mwa inu muli ku pulayimale.

Outlook 97 mpaka 2002 inali ndi PST yamtundu wakale, ya ANSI, ndipo malire ake anali 2 GB. Amenewo anali malire enieni, ochokera m'kapangidwe ka fayiloyo, osati nambala yongosintha. Ukawapyola fayilo imangokana kutseguka. Microsoft anatulutsa kachipangizo kotchedwa PST2GB, ndipo ntchito yake inali yankhanza: kudula mchira wa fayilo, ma MB makumi awiri ndi kanthu, kuti itsike pansi pa 2 GB. Zimene zinali kumchirako zimapita basi, sunkasankha. Ndinachitapo zimenezi pa ofesi ina ku Zomba, ndipo mayi amene anali mwini makalatawo sanandipatse moni mwezi wathunthu.

Kuyambira Outlook 2003 kunabwera PST ya Unicode. Malire anaikidwa pa 20 GB mu 2003 ndi 2007, kenako 50 GB kuyambira 2010. Apa a Mlenje akunena zoona, amenewa amasinthika. Ndipo muone kuti fayilo ya a Nangozo yaima pa 47 ndi kanthu, osati pa 50. Ndi chifukwa choti pali mizere iwiri: wa chenjezo pa 47.5 GB, pamene Outlook imasiya kulandira zatsopano, ndi womaliza pa 50. Mpata wapakatipo ndi woti Outlook izitha kutembenukirapo ikamakonza zam'kati mwake.

Koma poti chinthu n'chotheka sindiye kuti n'chanzeru. Fayilo ya 90 GB ikadzawonongeka, kuikonza kudzatenga masiku, kuikopera kudzatenga maola, ndipo zaka zonse zidzakhala m'dengu limodzi. Kwathu kuno magetsi amazima osatsanzika. Ine registry ndimaikhudza ngati njira yopumira tsiku limodzi kapena awiri pamene ndikusamutsa makalata, kenako ndimabwezeretsa.

Mlenje_wa_Jozi
Agogo, magetsi kuzima si kwanu kokha, nafe kuno tinakudziwa bwino. Koma pa mfundo ya dengu limodzi ndavomera. Makasitomala anga ambiri ali ndi SSD ndi backup ya usiku uliwonse, mwina n'chifukwa chake sindinapse nazo.

Wa_ku_Chipata
Pepani ndilowererepo pa nkhani ya fulashi. A Nangozo, mwaigula kuti? Ine ndinagula ya 128 GB pamsika, mtengo wake wokoma, n'kukoperamo zinthu za ntchito. Windows inaonetsa kuti zonse zalowa bwinobwino. Tsiku lozifuna, mafayilo analipo mayina okha, mkati muli zinyalala. Mnzanga atayesa ndi H2testw, pulogalamu yoyesera mafulashi, tinapeza kuti malo enieni anali 8 GB, zotsalazo inkangolemba pamwamba pa zinzake. Fayilo yaikulu ngati yanuyo musaikhulupirire fulashi imene simunaiyese.

Phwetekere
Mafulashi a pamsika ali ngati mafuta ophikira a m'mabotolo a madzi, umadziwa ukafika kunyumba.

TateWaAwiri
Ine zimenezi n'chifukwa chake kalata yofunika ndimaisindikiza n'kuika mu bokosi fayilo. Pepala silifuna magetsi. Zaka khumi ndi zisanu ndili mu ofesi, sindinatayepo kalata.

Phwetekere
Chiswe simunakumane nacho atate.

TateWaAwiri
Chiswe chimaoneka chikamabwera. Izi za 0x8004 chiyanichiyani mumaziona zikamabwera?

Nangozo_Limbe
Zinaoneka ndithu, sabata yathunthu, kungoti munthu ankadina OK. Ndabwera ndi lipoti: abwana atulutsa ndalama, ndagula hard drive ya 1 TB mushopu, ya lisiti. Kukopera kwatenga pafupifupi ola limodzi ndipo kwatha popanda kudandaula. Ndapanga mafoda awiri, ina ndailemba OSAKHUDZA, ina YOGWIRIRAPO, iliyonse ili ndi kope lake. Tsopano?

KalikokhaIT
Mwachita bwino, ndipo kukopera kutha popanda vuto ndi nkhani yabwino payokha. Ikanaima pakati n'kulemba za cyclic redundancy check, bwenzi tikuti disiki ya laputopuyo ndi imene ikudwala, ndipo njira ikanakhala ina.

Tsopano funani SCANPST.EXE, ndiyo Inbox Repair Tool ija. Imabwera limodzi ndi Outlook koma siioneka pa Start. Pa Office 2016 kawirikawiri imakhala mu C:\Program Files\Microsoft Office\root\Office16, kapena mu Program Files (x86) ngati Office yake ndi ya 32-bit. Ikakuvutani ingolembani dzinalo posakira mu File Explorer.

Outlook ikhale yotseka. Tsegulani SCANPST, dinani Browse, mulozere kope la mu YOGWIRIRAPO, osati fayilo ya pa laputopu. Dinani Start. Imadutsa magawo asanu ndi atatu, ndipo pa fayilo yaikulu chonchi idzaoneka ngati yafa, pamwamba padzalembedwa Not Responding. Musaitseke. Ikugwira ntchito, kungoti siyankhula. Ikamaliza kufufuza idzakufunsani ngati ipange backup isanakonze. Backup imeneyo ndi fayilo ya .bak yaikulu mofanana ndi PST yanuyo, ndiye onetsetsani kuti ikupita pa hard drive, osati pa laputopu ngati malo ndi ochepa. Anthu ambiri amagwa pamenepa: disiki imadzaza kukonza kuli pakati, fayilo n'kuwonongeka kuposa poyamba.

Ikamaliza, ithamangitseninso. Nthawi zina pamafunika maulendo awiri kapena atatu mpaka itanena kuti sinapeze cholakwika, kapena kuti zatsala zazing'ono zokha.

Ndipo chonde, ntchito imeneyi ichitikire pa kompyuta imene batire lake ndi lamoyo kapena ili pa UPS, batire losunga magetsi akazima. Magetsi akazimanso ili mkati mokonza, tibwerera pa ziro.

Nangozo_Limbe
Laputopu yanga batire limakhala maola atatu, ndipo ili ndi Office yomweyo. Ndipita nazo kunyumba, kwathu kuli ka sola.

MailFix_Pro_Deals
Moni nonse! Musavutike ndi SCANPST, siitha kukonza mafayilo akuluakulu. Pulogalamu yathu imakonza PST iliyonse 100% m'mphindi zochepa. Ndilembereni ku inbox kuti mupeze mtengo wapadera.

Phwetekere
Afika a mankhwala ochiza matenda onse. Kagulitseni m'basi ya ku Ntcheu.

Kachere_Leeds
Kunena chilungamo, mapulogalamu ogula alipo amene amathandiza SCANPST ikalephera, ndinagwiritsapo ntchito imodzi. Koma ambiri amakuonetsa maimelo ako onse pa sikirini mwaulere, ukati usunge ndi pamene amakuuza mtengo wa madola. Munthu amene akulonjeza 100% asanaione fayilo ndi wabodza. Yambani ndi yaulere ya Microsoft.

Ndionjezere chinthu china chimene sichinatchulidwe. Ngati mudzafike poipereka kwa munthu wokonza makompyuta m'tauni, dziwani kuti mukumupatsa makalata onse a kampani a zaka khumi ndi kanthu, ndi manambala a ku banki momwemo. Pasiwedi ya pa PST musaidalire, ndi loko wa pa chitseko cha nsungwi. Siibisa zam'kati, imangouza Outlook kuti ifunse, ndipo mapulogalamu ena amatsegula osafunsa n'komwe. Akonzere pamaso panu.

Gogo_wa_Ubuntu
Zoona. Pa Linux pali readpst, imawerenga PST n'kutulutsa maimelo mu mbox, mtundu wina wa fayilo ya maimelo, pasiwedi osaiyang'ana n'komwe. Ndipo imeneyo ndi njira yachiwiri SCANPST ikakanika, chifukwa nthawi zina imakoka makalata mu fayilo imene Outlook yaikana.

Poti ndatchula mbox: ine ndinasamukira kalekale ku Thunderbird, pulogalamu ina ya maimelo imene imasunga mu mbox. Kumeneko foda iliyonse ndi fayilo yakeyake, ndipo mkati mwake ndi malemba wamba, kalata ina pansi pa inzake. Ikavuta umatha kuitsegula n'kuwerenga ndi maso. Kafayilo ka .msf kapambali ndi kalozera chabe, kakasokonekera umadina Repair Folder kapena kukafufuta, Thunderbird n'kupanga kena. Inbox ikawonongeka, Sent imatsala.

Mlenje_wa_Jozi
Ndimadikira kuti agogo ayamba liti ulaliki wa Linux. Munthu nyumba ikupsa inu mukumuonetsa pulani ya nyumba ina.

Gogo_wa_Ubuntu
Thunderbird imagwiranso pa Windows, mwana iwe. Ndipo sindinati ilibe matenda ake. Usiye Inbox ikule osapanga Compact yofinya fayilo, udzalira chimodzimodzi.

Mai_a_Tadala
Ine funso langa ndi lapambali pang'ono koma likufanana. Yanga ndi .ost ndipo yafika 31 GB, laputopu yadzaza. Ndinawerenga kuti .ost utha kungoifufuta. Ndifufute?

KalikokhaIT
Mayi, dikirani kaye. Ngati akaunti yanu ndi ya Exchange kapena Microsoft 365, inde Outlook imapanganso ina kuchokera pa seva. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, ngati ndi IMAP, kuyambira Outlook 2013 nayonso imasunga mu .ost, ndipo mafoda olembedwa This computer only, makamaka Contacts ndi Calendar, sali pa seva iliyonse. Mukafufuta apita. Atulutseni kaye ku PST kudzera pa Import/Export. Wachiwiri ndi bandulo: Outlook idzakokanso zonsezo pa intaneti. Ngati muli pa MiFi yanu, 31 GB imeneyo mulipira ndinu.

Chochita chabwino n'choti mupite pa Account Settings, Change, mutsitse kachingwe ka Mail to keep offline kafike pa miyezi 6 kapena 12. Zakale zitsala pa seva, pa laputopu pakhala zatsopano zokha. Ndipo m'malo mofufuta fayilo yakaleyo, ingoisinthani dzina mpaka mutatsimikiza kuti zonse zili bwino.

Mai_a_Tadala
Ndi IMAP, ndipo manambala onse a makolo a ana a sukulu yathu ali mu Contacts momwemo. Ndatsala pang'ono kudziphera ndekha. Safunsa anadya phula, zikomo.

Nangozo_Limbe
Mwadzuka bwanji nonse. Ndinaiyambitsa 6 koloko madzulo, ulendo woyamba unatha cha m'ma 1 usiku. Pa gawo lachisanu ndi chiwiri inaima nthawi yaitali moti ndinatsala pang'ono kuitseka, ndinangokumbuka mawu a a Kalikokha n'kukaphika tiyi. Ulendo wachiwiri unafulumirako. Tsopano yatseguka mu Outlook pa laputopu yanga! Mafoda onse akuoneka, ndipo pabwera ina yatsopano yotchedwa Lost and Found, muli maimelo 212 osakanikirana.

Koma ndadabwa. Ndafufuta mavidiyo ndi zithunzi zambirimbiri, a Phwetekere munalosera, munali mavidiyo a ukwati wa mwana wa achimwene awo, otumizidwa kwa anthu osiyanasiyana kasanu ndi kawiri. Ndakhuthulanso Deleted Items. Fayilo ikadali 47.6 GB. Ndalakwitsa pati?

Phwetekere
Ndinanena ine!

KalikokhaIT
Simunalakwitse. PST ili ngati nkhokwe: mukatapamo chimanga, nkhokweyo siichepa, mumangotsala mpata mkati. Outlook imadzazanso mpatawo ndi makalata atsopano, koma kukula kwa fayilo pa disiki kumakhala komweko mpaka mutaifinya. Pitani pa File, Account Settings, Data Files, sankhani fayiloyo, Settings, kenako Compact Now.

Koma musafinye lero. Kufinya fayilo yaikulu chonchi kumatenga maola ambiri, ndiye chitani kamodzi, mutamaliza kusamutsa. Ndipo kunena zoona, fayilo imene yakonzedwa ndi SCANPST ine sindiikhulupiriranso ngati nyumba yokhalamo. Ndimasamutsa zonse n'kuisiya. Pa Data Files pomwepo dinani Add, mupange ma PST atsopano, mwina zaka ziwiri iliyonse: 2013-2014, 2015-2016, choncho. Koperani makalata pang'onopang'ono, mazana angapo nthawi imodzi, osati chaka chonse, chifukwa mukakumana ndi kalata yowonongeka kukopera kumaima ndipo mufuna kudziwa kuti yaima pati. Mukamaliza foda, yerekezani chiwerengero cha makalata mbali zonse ziwiri. Za chaka chino zipite mu PST yatsopano imene akaunti izilandiriramo.

Za mavidiyo a ukwati, chinthu chomata pa imelo chimakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu chikamayenda pa intaneti, ndipo kutumiza kulikonse kumasiya kope lake mu Sent. Pangani Search Folder ya Large Mail, muona okha amene akudya malo.

Kachere_Leeds
Bwanji osangogwiritsa ntchito Clean Up Old Items, iike deti, isamutse yokha?

KalikokhaIT
Imagwira, koma ili ndi khalidwe lake. Imayang'ananso deti limene kalata inasinthidwa komaliza, osati lolandirira lokha. Makalata akakhala kuti anasamutsidwapo kuchokera pa kompyuta ina, amaoneka ngati atsopano ndipo imawadumpha, iwe n'kumadabwa kuti archive yatuluka yopanda kanthu. Pali ArchiveIgnoreLastModifiedTime mu registry yothetsa zimenezo, koma a Mlenje asangalala ndikayamba kutumiza anthu ku registry.

Mlenje_wa_Jozi
Ndikusunga sikirinishoti.

Wa_ku_Chipata
Ma PST atsopanowo musawaike pa foda ya netiweki ya muofesi n'kumawatsegulira komweko, Microsoft eni ake amaletsa. Ndiponso onani ngati Documents ya abwana siikulumikizana ndi OneDrive, imene imakopera mafayilo pa intaneti. Kalata imodzi ikalowa, fayilo yonse imaoneka kuti yasintha, ndiye OneDrive imalimbana ndi Outlook pa fayilo yomweyo, bandulo n'kumapita. Akhale pa disiki ya laputopu, makope ake pa hard drive, kukopera Outlook ili yotseka.

TateWaAwiri
Ndiye mwati mafayilo a zaka ziwiriziwiri, olembedwa chaka pamsana, oikidwa pa shelefu. Mwabwerera ku bokosi fayilo yanga ija, kungoti mwadzera njira yaitali.

Nangozo_Limbe
Atate mwapambana, sinditsutsa. Ndamaliza dzulo, zanditengera masiku anayi. Ma PST atuluka asanu ndi limodzi, yaikulu kwambiri ndi 9 GB, ndi ina yaing'ono ya chaka chino. Maimelo a sabata imene Outlook inkakana kulandira anali akadali pa seva, alowa onse. Mwa 212 a mu Lost and Found, ambiri ndawabwezera m'malo mwake, koma 17 amatseguka opanda kanthu mkati, mutu wokha. Atatu mwa amenewo ndi a kasitomala amene tikukangana naye za ndalama ya 2021, ndiye ndalembera mnzathu amene anali pa cc kuti atitumizirenso. Foda ya OSAKHUDZA ndaisiya momwemo, ndipo hard drive ili mu sefa.

Batire la laputopu abwana akuti tiona mwezi wamawa. Lero m'mawa andiitana kufunsa kuti vidiyo ya ukwati ija yapita kuti.

Phwetekere
Auzeni afunse mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri aja.